Mbiri Yolembedwa pa Shelefu ya Tchizi

 M'nkhani zathu zino za mbiri ya zinthu zimene timaziona tsiku ndi tsiku popanda kufunsa kumene zidachokera, lero tiloŵa m'golosale. Tipitirira pamene pali shuga, sopo ndi mafuta ophikira, tikaime pozizira paja pamene amaikapo mkaka, bata ndi tchizi.

Chimene chandipititsa pamenepo ndi funso la mnzanga wina amene ndidaphunzira naye kusukulu ya aphunzitsi. Iyeyu adapita ku Ulaya kukaonjezera maphunziro, ndipo atabwerako adandisimbira zimene zidamudabwitsa. M'golosale ya m'kamzinda kakang'ono ku France adapezamo mitundu ya tchizi yoti adalephera kuiŵerenga: china chofeŵa ngati phala, china cholimba ngati mwala, china cha mkaka wa mbuzi, china cha mkaka wa nkhosa, china chamaangamaanga ndi nkhungu zobiriŵira. Ataolokera ku England adapeza mashelefu odzaza ndithu, koma mbali yaikulu inali ya mtundu umodzi wotchedwa Cheddar. Kuno kwathu, m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, maina amene amaŵaona kaŵirikaŵiri ndi aŵiri, Cheddar ndi Gouda, pamene m'magolosale a pamalo ochitira malonda akumudzi tchizi sichipezeka n'komwe. Tsono adandifunsa kuti, "Kodi achimwene, ng'ombe si zomwezi, mkaka si womwewu? Nanga kusiyana konseku kukuchokera pati?"

Yankho lapafupi nlakuti anthu amasiyana zokonda. Koma amene angafufuze modekha apeza kuti lilime lidachita kutsatira pambuyo. Zimene zidatsogola ndi malo, lamulo, nkhondo ndi malonda. Anthu amazoloŵera kudya chimene mbiri yawo idaŵasiyira pashelefu.

Tiyambe ndi kufotokoza chinthucho, pakuti ena mwa inu simudachilaŵepo. Tonse tikudziŵa kuti mkaka suchedwa kuwonongeka. Tikudziŵanso chambiko, mkaka umene wasasa nuundana. Wopanga tchizi amapitirira pamenepo. Amathira mumkaka mankhwala oundanitsa amene kuyambira kale amatengedwa m'chifu cha thole loyamwa, kenaka amalekanitsa mase ndi madzi ake, nathira mchere, nafinya, nasunga pamalo ozizira kwa masabata, miyezi kapena zaka. Pa malita khumi a mkaka wa ng'ombe amapezapo pafupifupi kilogalamu imodzi ya tchizi cholimba. Mwachidule, tchizi ndi mfutso wa mkaka. Monga amayi athu amafutsa masamba a nkhwani ndi khwanya nthaŵi ya dzinja kuti banja lidzadye m'chilimwe, momwemonso aŵeti a ku Ulaya ankasunga mkaka wa nyengo ya msipu kuti adzadye m'nyengo ya chisanu, pamene udzu wakwiririka ndipo ng'ombe zaleka kutulutsa mkaka wambiri. Luso limeneli nlakalekale. Ku Kujawy m'dziko la Poland akatswiri ofukula zakale adapeza mapale a mbiya zobooledwa tizibowo ngati sefa, za zaka pafupifupi 7,000 zapitazo, ndipo m'chaka cha 2012 adalengeza kuti adapezamo zotsalira za mafuta a mkaka.

Popeza tchizi chidayamba ngati njira yosungira chakudya, malo ndiwo adalamula kapangidwe kake. M'mapiri a Alps ndi a Jura, pakati pa France ndi Switzerland, ng'ombe zinkakwera kukadya kumtunda m'miyezi yofunda, kutali ndi misika. Kumeneko kunkafunika tchizi chachikulu ndi chouma, choti chipirire ulendo ndi kukhala chaka chathunthu. Chigulumwa chimodzi cha tchizi cha Comté chimalemera makilogalamu ngati 40 ndipo chimadya malita a mkaka oposa 400. Banja limodzi silikadatha kupeza mkaka wochuluka chotere patsiku, choncho kuyambira m'zaka za m'ma 1200 mabanja a m'mudzi umodzi ankasonkha mkaka wawo pamodzi nagaŵana phindu. Koma m'zigwa za pafupi ndi Paris, kumene msika unali pakhomo, alimi ankapanga tchizi chofeŵa monga Brie, choyenera kudyedwa m'masabata oŵerengeka. Chigwa chilichonse chinali ndi msipu wake, ziŵeto zake, mapanga ake ndi nkhungu zake, motero chinalinso ndi tchizi chake.

Zimenezi sizinali ku France kokha. Ku England nakonso chigawo chilichonse chinali ndi mtundu wake: Cheshire, Lancashire, Wensleydale, Gloucester, Stilton ndi ina yambiri. Maiko aŵiriŵa adayamba ulendo ali olemera mofanana. Adasiyana panjira, ndipo tiyeni tione pamene adasiyanirapo.

Ku France lamulo lidaima kumbali ya mudzi. Kummwera kwa dzikolo kuli mudzi wotchedwa Roquefort, umene uli m'munsi mwa phiri la Combalou. M'phirimo muli mapanga okhala ndi ming'alu yoloŵetsa mphepo yozizira ndi yachinyontho, ndipo tchizi cha mkaka wa nkhosa chikasungidwa m'menemo chimamera nkhungu zimene zimachipatsa kukoma kwake. M'chaka cha 1411 Mfumu Charles VI idapatsa anthu a m'mudzimo ufulu woti iwo okha ndiwo azikhwimitsa tchizi cha mtunduwo. Patapita zaka mazana asanu, mu 1925, nyumba ya malamulo ya dzikolo idakhazikitsa lamulo loteteza dzina la Roquefort, ndipo ichi chidakhala tchizi choyamba kutetezedwa chotere. Tanthauzo lake nlakuti munthu wa kwina angathe kupanga tchizi chofanana nacho, koma sangachitche dzinalo. Mitundu ina idatsatira, ndipo mu 1992 maiko a m'bungwe la ku Ulaya adavomereza njira yomweyo kuti igwire ntchito mwa onse. Dzina likatetezedwa, mtengo sugwa, ndipo mlimi wamng'ono amapeza chifukwa chopitirizira luso la makolo ake.

Njanji nayo idathandiza. Tchizi chofeŵa cha Camembert, cha ku Normandy, chinkaphwanyika paulendo, kufikira pamene kabokosi kozungulira ka matabwa opyapyala kadayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1890. Kuyambira apo chidayenda pasitima kufika kutali, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse chidaloŵa m'kamba wa asilikali a France, amene adabwerera kwawo atachizoloŵera. Nkhani imamveka yakuti mtsogoleri wawo Charles de Gaulle adadandaulapo za kuvuta kwa kulamulira dziko lokhala ndi mitundu 246 ya tchizi. Lero munthu mmodzi ku France amadya makilogalamu oposa 25 a tchizi pachaka, pamene mnzake wa ku Britain safika ndi theka lomwe.

Ku Britain zinthu zidayenda mwina. Njanji yomwe ija imene idapindulitsa Camembert idaphetsa tchizi cha m'midzi ya ku England. Mizinda ya mafakitale inkakula msanga ndipo inkafuna mkaka wakumwa. Mliri wa ng'ombe wa mu 1865 utapha ng'ombe zambiri za m'makola a mu London, mzindawo udayamba kudalira mkaka wobwera pasitima kuchokera kumidzi. Mlimi adaona kuti kutumiza mkaka m'maŵa uliwonse n'kulandira ndalama msanga kunali kwapafupi kusiyana ndi kufinya tchizi n'kudikira miyezi.

Pa nthaŵi yomweyo mlimi wina wa ku Somerset, Joseph Harding, adakonza kapangidwe ka Cheddar kuti kakhale ndi miyeso yodziŵika ndi ukhondo, ndipo adaphunzitsa njirayo kwa aliyense wofuna. Popeza dzina la Cheddar silidatetezedwe ndi lamulo, maiko ena adaitola njirayo. Ku America, Jesse Williams adatsegula fakitale ya tchizi mu 1851 pafupi ndi mzinda wa Rome m'chigawo cha New York, momwe ankasonkhanitsa mkaka wa alimi oyandikana naye. Posakhalitsa zombo zidayamba kutsitsa Cheddar chotsika mtengo cha ku America ndi ku Canada m'madoko a ku Britain, kenaka cha ku New Zealand. Mu 1933 boma lidakhazikitsa bungwe la Milk Marketing Board, limene linkagula mkaka wa alimi pamtengo wotsimikizika. Bungweli lidapulumutsa alimi ambiri ku umphaŵi, komabe lidachotsanso chifukwa chopangira tchizi pakhomo.

Nkhonya yomaliza idadza ndi nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse. Zombo zonyamula chakudya zinkamizidwa panyanja, ndipo boma lidatenga ulamuliro wa mkaka wonse. Mkaka wopangira tchizi udatumizidwa kumafakitale kuti apange mitundu yolimba yoŵerengeka, yosavuta kudula m'magawo ofanana, makamaka imene anthu adaitcha Cheddar cha Boma. Kuyambira mu May 1941 tchizi chidayamba kugaŵidwa mwa muyeso, poyamba magalamu 28 okha pa munthu pasabata, ngakhale ogwira ntchito m'migodi ndi m'minda ankalandira choonjezera. Kugaŵa kwa muyesoku kudatha mu 1954. Tisaweruze boma limenelo mopupuluma, pakuti lidali ndi mtundu wa anthu woti liwudyetse, ndipo lidaudyetsa. Koma mtengo wake udali waukulu. Olemba mbiri amaŵerengera kuti nkhondo yoyamba isanabuke kunali opanga tchizi oposa 3,500 m'dzikomo, ndipo yachiŵiri itatha otsala sadakwane 100.

Taganizirani zimene zimachitika m'zaka khumi ndi zitatu. Amayi amene ankadziŵa ndi chala chokha kuti mase afika pofinya adakalamba, ena adamwalira. Ana awo adakula osaona ntchitoyo. Ziŵiya zidachita dzimbiri. Ogula nawo adakula akudziŵa mtundu umodzi, ndipo masitolo akuluakulu atafika adagulitsa chimene anthu ankachidziŵa. Lamulo lidachotsedwa, koma luso silidabwerere lokha, pakuti madzi akatayika saoleka. Padafunika anthu ochita kuyenda mudzi ndi mudzi kufunafuna otsala. Mmodzi wa iwo adali Patrick Rance, mwini sitolo amene adalemba buku la mitundu ya tchizi cha ku Britain mu 1982, ndi Randolph Hodgson wa sitolo ya Neal's Yard Dairy ku London, imene idatsegulidwa mu 1979. Chifukwa cha khama lotere, lero dzikolo lili ndi maina a tchizi oposa 700, ambiri mwa iwo atsopano. Komabe pafupifupi theka la tchizi chimene anthu amagula kumeneko ndi Cheddar. Chipsera cha nkhondo chikuonekabe pashelefu.

Tsopano tioloke nyanja ya Atlantic, tikaone dziko limene lidatumiza Cheddar chotsika mtengo chija. America ndi dziko lalikulu, ndipo vuto la wamalonda kumeneko linali mtunda. Tchizi chinkauma kapena kuchita nkhungu chisanafike kwa wogula. James L. Kraft, wogulitsa tchizi pangolo ya hatchi mumzinda wa Chicago, adapeza njira yosungunula tchizi pamoto n'kuchitsekera m'zitini kuti chikhale nthaŵi yaitali osawonongeka, ndipo boma lidalembetsa njirayo m'dzina lake mu 1916. Gulu lankhondo la dzikolo lidagula zitini zambirimbiri pa nkhondo yoyamba. Umu ndi momwe mudachokera tchizi chachikasu chodulidwa mopyapyala chimene chimaikidwa pakati pa buledi ndi nyama, chimene dziko lonse limachidziŵa ngati cha ku America.

Lamulo la zaumoyo lidaonjezera kusiyanako. M'zaka za nkhondo yachiŵiri kudabuka matenda a taifodi amene adapezeka kuti adafala kudzera m'tchizi chosakhwima. Choncho kuyambira cha mu 1949 boma la America lidalamula kuti tchizi chopangidwa ndi mkaka wosatenthetsa, umene tizilombo take sitidaphedwe, chisagulitsidwe chisanathe masiku 60. Koma Camembert chenicheni cha ku Normandy chimapangidwa ndi mkaka wosatenthetsa ndipo chimakoma masiku 60 asanakwane. Ndiye kuti chimene munthu wa ku Paris amagula pangodya ya msewu wake, wa ku New York sangachipeze m'golosale mwalamulo ngakhale ali ndi ndalama zotani. Maboma onse aŵiri amafuna kuteteza anthu awo. Lina lidasankha kutenthetsa mkaka kapena kudikira, lina lidasankha kuyendera makola ndi kuyeza mkaka pafupipafupi.

Nthaŵi zina chimene chimachotsa tchizi pashelefu ndi mkangano wa maboma umene suchikhudza n'komwe. Maiko a ku Ulaya atakana nyama ya ng'ombe za ku America zobayidwa mankhwala okulitsa, America idabwezera mu 1999 poika msonkho wofanana ndi mtengo wa katunduyo pa zakudya zina za ku Ulaya, kuphatikizapo Roquefort. Mtengo wake udaŵirikiza kaŵiri. Mu August chaka chomwecho mŵeti wa nkhosa José Bové pamodzi ndi alimi anzake adaphwasula nyumba yodyera ya McDonald's imene inkamangidwa mumzinda wa Millau, pafupi ndi Roquefort, ndipo adakaloŵa nazo m'ndende. Ku Russia nako, mu August 2014, boma lidaletsa zakudya zochokera ku maiko a European Union pobwezera zilango zimene maikowo adaika chifukwa cha nkhani ya Ukraine. Tchizi cha ku France ndi ku Italy chidasoŵa m'masitolo a ku Moscow, ndipo chaka chotsatira anthu adaona pakanema mathirakitala akupondaponda tchizi chogwidwa chikuloŵa mozemba. Cha ku Switzerland chidapitirira kuloŵa, popeza dzikolo silili m'bungwe limenelo. Malo otsalawo adadzazidwa ndi tchizi cha ku Belarus ndi cha opanga atsopano a m'dziko momwemo.

Tibwerere kwathu tsopano, tikayankhe mbali yotsala ya funso la mnzanga uja. Nchifukwa ninji makolo athu sadatisiyire tchizi? Sikuti adali opereŵera nzeru. Tchizi chokhwima chimafuna zinthu ziŵiri: mkaka wotsala wochuluka ndi malo ozizira osungiramo. Kuno kutentha kumawononga msanga, ndipo nyengo yoti msipu ukwiririke ndi chisanu kulibe. M'madera ambiri a mu Africa ntchentche ya kashembe idaletsa kuŵeta ng'ombe. M'zaka za m'ma 1890 mliri waukulu udasesa ng'ombe zochuluka zedi kummaŵa ndi kummwera kwa Africa, mwina zisanu ndi zinayi pa khumi zilizonse. Ng'ombe zathu zalinunda nzopirira matenda ndi chilala, koma mkaka wake ngwochepa, ndipo thole limafunanso gawo lake. Pamene mkaka unalipo, monga pakati pa Angoni ndi Ankhonde, njira yoyenera nyengo yathu inali kuusasitsa, ndipo chambiko chidakwanira. Kwina mu Africa tchizi chilipo ndithu, koma nchachiŵisi, chodyedwa msanga: ku Ethiopia kuli ayib, ndipo Afulani a ku Benin amapanga wagashi poundanitsa mkaka ndi utomoni wa chitsamba china.

Nanga Cheddar ndi Gouda za m'masitolo athu? Zambiri zimachokera ku South Africa, ndipo maina aŵiriwo ndi mapazi a mitundu iŵiri ya Azungu imene idalamulira ku Cape. Gouda ndi mzinda wa ku Holland, kwawo kwa Adatchi amene adafika ku Cape mu 1652. Cheddar ndi mudzi wa ku England, kwawo kwa Angerezi amene adalanda dera lomwelo pambuyo pake. Mitundu yonse iŵiri njolimba, yopirira ulendo wa masiku angapo pagalimoto. Tchizi chofeŵa chimafuna firiji yosazima kuchokera kufakitale mpaka kwa wogula, ndipo wamalonda amene amaopa kuzima kwa magetsi ndi kusoŵa kwa ndalama zakunja saika chuma chake pa katundu wotere. Ngakhale shelefu yathu yaing'onoyo, tsono, ikusimba za atsamunda, za misewu ndi za magetsi.

Omvera anga, sindidakambe zonsezi kuti tisirire za eni. Ambiri a ife tidzakalamba bwinobwino osasoŵa Roquefort. Chimene chandikhudza ndi kusiyana kwa France ndi Britain. Maiko onse aŵiri adali ndi chuma chofanana cha luso la m'midzi. Kwina lamulo lidateteza dzina ndi mudzi wake, ndipo luso lidakhala. Kwina zofunika za mwadzidzidzi zidatsogola, pa zifukwa zomveka, ndipo m'badwo umodzi udakwanira kufafaniza zimene zidamangidwa pa zaka mazanamazana. Palibe amene adakhala pansi n'kupangana kuti aphe tchizi cha ku Lancashire kapena cha ku Wensleydale. Chidangotsala pang'ono kuzimirira pamene anthu adali otanganidwa ndi zina.

Ifenso tili ndi zathu zimene zimakoma chifukwa cha malo ake ndi manja a eni ake: mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, chambo cha m'nyanja yathu, thobwa la maŵere, chikande, chambiko cha m'chikho, mbewu za makolo zimene agogo amasunga pamwamba pa moto. Mukaloŵa m'golosale sabata ino, imani pang'ono, muŵerenge zimene zili pashelefu, muŵerengenso zimene palibe. Kenaka mukafika kunyumba mukafunse agogo kuti akuonetseni mmene ankachitira, iwo akadali ndi mphamvu zokuonetsani.

Mnzanga uja ndidamuyankha monga ndakuyankhirani inu. Adaseka, nati ulendo wina akadzapita ku Ulaya adzatenga mfutso wa nkhwani m'chikwatu, kuti nawonso akafunse mafunso.